Anthu 97.5 pa 100 amene Viktor Zemskov anati nkhanza za boma sizinawakhudze

M'nkhokwe ya zikalata za boma ku Moscow muli pepala lina lolembedwa mu Disembala 1953, patangopita miyezi naini Joseph Stalin, mtsogoleri wa dziko la Soviet Union, atamwalira. Analilemba ndi akuluakulu a unduna wa zam'dziko, ndipo silinali loti munthu wamba alione. Papepalapo anandandalika zaka, ndipo pambali pa chaka chilichonse analemba chiwerengero cha anthu amene anagamulidwa kuti aphedwe pa milandu yolimbana ndi boma. M'chaka cha 1936 analipo 1,118. Chaka chotsatira, 1937, analipo 353,074. Mu 1938 analipo 328,618. Mukaphatikiza zaka ziwirizi mupeza anthu 681,692, kutanthauza anthu oposa 900 tsiku lililonse, Lamlungu ndi tchuthi zomwe, kwa zaka ziwiri zathunthu.

Mmodzi mwa anthu amene anachititsa kuti ziwerengero ngati zimenezi zidziwike padziko lonse ndi Viktor Zemskov, katswiri wa mbiri ya dziko la Soviet Union. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyu ndi amene anthu ambiri ku Russia ndi kunja amamunena kuti anapeputsa milandu ya Stalin. Ine ndikuona kuti akumunenawo ali ndi mfundo, koma ambiri a iwo amaloza chala pamalo polakwika. Zemskov sananame pa ziwerengero. Cholakwa chake chinadza pambuyo pake, pa zimene anati ziwerengerozo zikutanthauza, ndipo cholakwa chimenechi n'choopsa kuposa bodza chifukwa chimayenda chitanyamula zikalata zenizeni.

Zemskov anabadwa mu 1946, anamaliza maphunziro a mbiri pa Moscow State University mu 1974, n'kuyamba ntchito kunthambi yofufuza za mbiri ya bungwe lalikulu la sayansi m'dzikomo. Zaka zake zoyamba ankalemba za anthu apantchito a mu Soviet Union, nkhani imene siikanakhumudwitsa wamkulu aliyense m'chipani. Zinthu zinatembenuka mu 1989, nthawi ya Mikhail Gorbachev, pamene anaikidwa m'gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Yuri Polyakov loti lifufuze za chiwerengero cha anthu amene dzikolo linataya. Gululi linaloledwa kulowa m'zipinda zimene zinali zokhoma kwa zaka makumi ambiri, momwe munali malipoti a Gulag, nthambi ya boma imene inkayendetsa makampu a ntchito yakalavulagaga. Zemskov anakhala pansi n'kuyamba kukopera. Zimene ankapeza anayamba kuzisindikiza m'nyuzipepala ndi m'magazini a akatswiri, ndipo mu 1993 analemba limodzi ndi J. Arch Getty komanso Gábor Rittersporn nkhani imene inatuluka m'magazini ya akatswiri a mbiri ya American Historical Review n'kugwedeza aliyense wophunzira za nthawi ya Stalin.

Chimene chinagwedeza anthu n'chakuti ziwerengerozo zinali zotsika. Kufikira nthawi imeneyo olemba mbiri ankangoyerekeza, potengera umboni wa omwe anapulumuka ndi omwe anathawira kunja, poti khomo la nkhokwe linali lotseka. Robert Conquest ankaganiza kuti cha mu 1938 m'makampu munali anthu pafupifupi 8 miliyoni. Aleksandr Solzhenitsyn anabwereza chiwerengero cha katswiri wina wothawira kunja chakuti ulamuliro wa chikomyunizimu unawononga miyoyo 66 miliyoni. Zikalata zimene Zemskov anaona zinasonyeza kuti mu 1938 m'makampu a Gulag munali anthu osakwana 2 miliyoni, ndipo pamene anachulukitsitsa, cha mu 1950, anali pafupifupi 2.5 miliyoni. Amene analembedwa kuti anafera m'makampumo kuyambira 1930 mpaka 1953 anali pafupifupi 1.6 miliyoni. Ogamulidwa kuti aphedwe pa milandu yandale kuyambira 1921 mpaka 1953 anali 799,455.

Amene anapsa mtima kwambiri anali omwe anazunzikawo, ndipo sindingawadzudzule. Taganizirani za Anton Antonov-Ovseenko. Bambo ake ndi amene anatsogolera kulanda Winter Palace, nyumba yachifumu imene munali boma la Russia, pamene achikomyunizimu ankatenga ulamuliro mu 1917, koma anawomberedwa mu 1938 ndi boma lomwe anathandiza kulikhazikitsa. Anton mwiniwake anakhala zaka zoposa khumi m'ndende ndi m'makampu, ndipo maso ake ankaona movutikira kwambiri. Munthu wotere atamva kuti wina amene sanagonepo pathabwa la m'kampu akuti akaidi anali ochepa, anati zikalatazo n'zabodza. Iye ankanena kuti chakumapeto kwa 1945 akaidi anali 16 miliyoni. Zemskov anayankha kuti chikalatacho anachiona, ndipo chimati 1.6 miliyoni, kachizindikiro kakang'ono kolekanitsa 1 ndi 6 ndi kamene kanasowa pokopera.

Pa mkangano umenewu Zemskov ndiye analondola, ndipo tiyenera kunena zimenezi mosabisa mawu ngakhale mtima wathu uli ndi mkulu wozunzika uja. Malipoti a Gulag sanalembedwe kuti anamize anthu akunja. Analembedwa kuti akuluakulu adziwe kuchuluka kwa buledi wofunika, nsapato, alonda, ndi mitengo kapena golide amene kampu iliyonse iyenera kupereka. Mkulu wa kampu akanachepetsa akaidi papepala akanalandira chakudya chochepa. Akanawachulukitsa akanapatsidwa ntchito yoposa mphamvu zake. Ndipo mapepalawo alipo zikwizikwi, ochokera m'maofesi osiyanasiyana, ogwirizana wina ndi mnzake. Boma la Soviet linkanama kwambiri, koma linkanamiza anthu ake, osati kaundula wake. Mabanja a anthu owomberedwa mu 1937 ankauzidwa kuti m'bale wawo wapatsidwa zaka khumi zopanda chilolezo cholemberana makalata. Amayi ankadikira, kuwerenga zaka, pamene mwamuna anakwiriridwa kale m'dzenje usiku womwe chigamulo chinaperekedwa kapena patangopita masiku ochepa. Mu 1955 bungwe la apolisi achinsinsi la KGB linalamula kuti mabanja otere aziuzidwa kuti abale awo anafera m'kampu, ndipo ankapatsidwa zikalata za imfa zokhala ndi tsiku lopeka ndi matenda opeka. Tsiku lenileni linali m'faelo, ndipo lero likupezeka chifukwa analilemba. Ngakhale akatswiri a Memorial, bungwe la ku Russia lofufuza za ozunzidwa ndi boma la Soviet, amene palibe angawanene kuti ankakonda Stalin, anagwiritsa ntchito zikalata zomwezi.

Kotero ndikukana zoti kutchula chiwerengero chotsika n'kupeputsa mlandu. Wolemba mbiri amene wapeza 681,692 alibe ufulu wolemba 7 miliyoni pofuna kusangalatsa ofedwa. Akatero amapereka chida kwa oteteza wakupha, chifukwa tsiku limene bodzalo lidzaululike iwo adzati zonse zinali zopeka. N'zimene zinachitikadi ku Russia: okonda Stalin mpaka lero amayamba ndi kuseka 66 miliyoni ija, kenaka n'kumati nkhani yonse ndi mabodza a azungu akumadzulo.

Koma kaundula wa woyang'anira ndende amawerenga zokhazo zimene woyang'anira ndendeyo anafuna kuwerenga. Bwererani papepala lija la 1953, mutsike mpaka chaka cha 1940. Palembedwa anthu 1,649. Komatu m'miyezi ya Epulo ndi Meyi chaka chimenecho apolisi achinsinsi a NKVD anawombera akaidi a ku Poland ku Katyn, ku Kalinin, ku Kharkiv ndi malo ena, ndipo kalata imene mkulu wa KGB Aleksandr Shelepin analembera mtsogoleri wa dzikolo Nikita Khrushchev mu 1959 imati anali 21,857. Anthu amenewa papepala lija palibe. Anaphedwa mwa lamulo lapadera la akuluakulu a chipani, ndiye sanalowe m'buku la masiku onse. Pepalalo silinaname, koma silinanene zonse.

Chimodzimodzi imfa za m'makampu. Akatswiri monga Oleg Khlevniuk ndi Golfo Alexopoulos anasonyeza kuti akuluakulu a makampu anali ndi chizolowezi chotulutsa akaidi amene afooka moti sangagwirenso ntchito. Munthu wotupa miyendo ndi njala, mano atagweruka, ankapatsidwa pepala loti wamasulidwa, n'kukafera pasiteshoni ya sitima kapena m'mudzi woyandikana ndi kampu. M'buku la kampu amaoneka ngati womasulidwa. Akatswiri amatsutsana za kuchuluka kwa anthu otere, koma zoti zinkachitika palibe amakana. Ndiponso 2.5 miliyoni ija ndi ya tsiku limodzi. Anthu ankalowa ndi kutuluka, moti amene anadutsa m'makampu kuyambira 1930 mpaka 1953 ndi pafupifupi 18 miliyoni. Mu 1942 mokha, nkhondo ili mkati, mkaidi mmodzi mwa anayi alionse anafa.

Zemskov zonsezi ankazidziwa kuposa ine ndi inu. Ntchito yake yaikulu, imene anapatsidwa nayo digiri yapamwamba mu 2005, inali yokhudza anthu amene anasamutsidwa mokakamiza n'kukatayidwa ku Siberia, ku Urals ndi ku Kazakhstan. Iye ndi amene anasonyeza kuti mu 1930 ndi 1931 boma linasamutsa alimi 1,803,392 omwe linkawatcha makulaki, kutanthauza alimi opeza bwino, ngakhale ambiri chuma chawo chinali ng'ombe ziwiri ndi nyumba yofolera bwino. Iye yemweyo anasonyeza kuti pa 1 Januwale 1932 m'midzi ya osamutsidwawo munawerengedwa anthu 1,317,022. Pakati pa ziwerengero ziwirizi pakusowa anthu pafupifupi theka la miliyoni. Ena anathawa, ena anabwezedwa, ena anafera m'mabogi a ng'ombe kapena m'zisakasa m'chisanu choyamba, makamaka ana. Kuyambira 1932 mpaka 1940 analembedwa kuti afera kumeneko ndi 389,521. Munthu amene anatulutsa zinthu zimenezi poyera anachitira dziko lake ntchito yaikulu, ndipo dzina lake liyenera kulemekezedwa pa chifukwa chimenecho.

N'chifukwa chake zimene analemba m'zaka zake zomaliza zimandipweteka. Asanamwalire mu 2015, Zemskov anaika ziwerengero zake zonse pamodzi n'kunena kuti anthu amene anazunzidwa pa zifukwa zandale anali pafupifupi 10 miliyoni: ogamulidwa milandu yandale, alimi osamutsidwa, ndi mitundu ya anthu yothamangitsidwa kwawo. Kenaka anatenga anthu onse amene anakhalapo ndi moyo m'dzikomo kuyambira 1918 mpaka 1958, oposa 400 miliyoni, n'kugawa. Yankho linali 2.5 pa 100. Ndiye anamaliza ndi mawu akuti anthu 97.5 pa 100 alionse sanakhudzidwe ndi kuponderezedwa kwandale mwa njira ina iliyonse. Buku lake la 2014 linali lofunsa chifukwa chimene anthu sanaukire Stalin, ndipo kawerengedwe kameneka kanali mbali ya yankho lake.

Apa sakukoperanso chikalata. Apa akusankha yekha amene alowe m'gulu la ozunzidwa ndi amene atsale panja, ndipo akusankhanso chiwerengero chogawira. Mu 400 miliyoni muja muli khanda lobadwa mu 1957, Stalin atamwalira kale zaka zinayi. Muli nkhalamba imene inamwalira mu 1919. Mukamathira madzi ambiri chotere, mchere uliwonse usiya kumveka. Funso loyenera likanakhala lakuti: mwa amuna akuluakulu amene anali ndi moyo mu 1937, angati anatengedwa? Mwa anthu a mtundu wa Chipolishi okhala mu Soviet Union, angati? Pa lamulo limodzi lokha lolimbana ndi Apolishi anawombera anthu oposa 110,000. Mwa Achecheni ndi Aingushi amene anakwezedwa sitima kuyambira pa 23 Febuluwale 1944, pafupifupi theka la miliyoni, palibe 97.5 pa 100 amene anatsala. Unatengedwa mtundu wonse, ndi ana omwe, ndi nkhalamba zomwe. Atatari a ku Crimea zinawachitikira mu Meyi chaka chomwecho.

Nanga amene anawasiya panja? Mu 10 miliyoni muja mulibe anthu amene anafa ndi njala ya 1932 ndi 1933, amene ngakhale nyumba ya malamulo ya Russia mu 2008 inavomereza kuti anali pafupifupi 7 miliyoni. Wina anganene kuti njala si chigamulo cha khoti, ndipo n'zoona kuti olemba mbiri amatsutsana ngati Stalin anafuna kupha mtundu wa anthu a ku Ukraine kapena ayi. Koma tirigu analandidwa ndi magulu otumidwa ndi boma, midzi yolephera kupereka inaletsedwa kugula katundu m'sitolo, ndipo pa 22 Januwale 1933 Stalin ndi nduna yaikulu Vyacheslav Molotov anasaina lamulo loletsa alimi a ku Ukraine ndi ku Kuban kuchoka m'madera awo kukasaka chakudya. Munthu amene wamulanda nkhokwe, n'kumutsekera njira, akafa sunganene kuti ndale sizinamukhudze.

Mulibenso mayi amene anamangidwa pa lamulo la pa 7 Ogasiti 1932 chifukwa chotola ngala za tirigu zotsalira m'munda wa boma kuti ana adye. M'kaundula iye ndi wakuba, osati mkaidi wandale. Mulibe wantchito amene anazengedwa mlandu pa lamulo la Juni 1940 chifukwa chochedwa kuntchito mphindi zoposa 20. Anthu otere analipo mamiliyoni. Kuvomereza kuti iwowa ndi apandu wamba n'kuvomereza kuti boma lopondereza likhale lomasulira lokha tanthauzo la kupondereza.

Ndipo mawu amene amandivuta kwambiri ndi akuti "mwa njira ina iliyonse". Mwamuna akatengedwa usiku, mkazi wake amachotsedwa ntchito, banja limatulutsidwa m'nyumba, mwana amakula akulemba pafomu iliyonse kuti bambo ake ndi mdani wa anthu. Panali lamulo lapadera la mu Ogasiti 1937 lomanga akazi a anthu otchedwa oukira dziko ndi kutumiza ana awo kunyumba za ana amasiye. Ku Akmolinsk, m'dziko la Kazakhstan, kunali kampu yodzaza ndi amayi otere. Amene sanamangidwe ankagona atakonzeratu kachikwama ka zovala pafupi ndi chitseko, akumvetsera ngati galimoto yaima panja. Mnansi amene anaona zonsezi pawindo n'kuphunzira kutseka pakamwa moyo wake wonse, kodi ameneyu sanakhudzidwe? Ife a ku Malawi sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. Mu Meyi 1983 ku Mwanza kunaphedwa anthu anayi, Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga. Anthu anayi pa mamiliyoni sangaoneke n'komwe mukagawa, komatu dziko lonse linamva uthengawo ndipo linakhala chete. Boma loopseza silifunika kugwira aliyense. Cholinga cha kugwira mmodzi n'chakuti otsalawo aone. Choncho funso la Zemskov, loti bwanji anthu sanaukire, likhoza kuyankhidwa ndi ziwerengero zake zomwe mwa njira yosemphana ndi imene iye anasankha. Komanso kuukira kunalipo: mu 1930 mokha apolisi achinsinsi analemba zipolowe za alimi zoposa 13,000. Zinathetsedwa ndi mfuti ndi sitima zopita ku Siberia.

Ena amati tisamuweruze Zemskov ndi zimene anthu ena achita ndi ntchito yake. Pa ziwerengero za m'nkhokwe ndikugwirizana nawo. Koma 97.5 ija siinapotozedwe ndi munthu wina. Anailemba yekha, ali katswiri wodziwika, akudziwa dziko limene akulembamo. Pofika 2014 mphepo ku Russia inali itatembenuka kale, ndipo ankaona amene akuombera m'manja. Lero chiwerengero chimenechi chimabwerezedwa ndi anthu amene sanatsegulepo buku lake lonena za osamutsidwa, ndipo amachitchula ndi dzina lake kuti chimveke cholemera.

Onani kumene zinthu zafika. Pa 28 Disembala 2021 khoti lalikulu la Russia linalamula kuti bungwe la Memorial litsekedwe, bungwe limene linasonkhanitsa mayina pafupifupi 3 miliyoni a ozunzidwa; woimira boma pamlanduwo anadandaula kuti bungweli likupereka chithunzi chabodza chakuti Soviet Union linali dziko lachigawenga. Yuri Dmitriev, mmodzi mwa amene anapeza manda a Sandarmokh m'nkhalango ya Karelia mu 1997, momwe munawomberedwa anthu oposa 6,000, ali m'ndende kugwira ukaidi wa zaka 15 pa milandu imene anzake ndi mabungwe omenyera ufulu amati ndi yomusemera. Kumanda komweko, bungwe lotsogozedwa ndi Vladimir Medinsky, amene anali nduna ya zachikhalidwe, linakakumba mu 2018 ndi 2019 pofuna kusonyeza kuti ena mwa mafupawo ndi a asilikali a Soviet ophedwa ndi asilikali a Finland. Palibe mwa akuluakulu a boma amenewa amene amanena kuti mu 1937 simunafe munthu. Boma linamanga ngakhale chipilala chokumbukira ozunzidwa ku Moscow mu 2017. Chimene amanena n'chakuti zinachitika, inde, koma zinali zochepa, zinakhudza anthu owerengeka, ndipo dziko linkamanga mafakitale ndi kukonzekera nkhondo. Kapeputsidwe kamakono n'kotero, ndipo kamafuna katswiri woona mtima woti azimutchula.

Kusiyana kwa Zemskov ndi anthu a Memorial sikunali pa zikalata. Arseny Roginsky, amene anatsogolera bungweli mpaka imfa yake mu 2017, anawerenga mafaelo omwewo, ndipo chiwerengero chake cha ozunzidwa pa ndale, pafupifupi 12 miliyoni, sichinatalikirane kwenikweni ndi 10 miliyoni ya Zemskov. Anasiyana pa chimene anachita nacho. Wina anatenga chiwerengerocho n'kuchigawa ndi 400 miliyoni. Enawo anachiphwanya kukhala mayina. Kuyambira 2007, pa 29 Okutobala chaka chilichonse, anthu ankaima pamzere pa bwalo la Lubyanka ku Moscow, pafupi ndi mwala wochokera kuzilumba za Solovki, kumene kunali kampu ya akaidi, moyang'anizana ndi likulu lakale la apolisi achinsinsi. Aliyense ankapatsidwa kapepala, n'kufika pa maikolofoni, n'kuwerenga dzina, zaka, ntchito ndi tsiku limene munthuyo anawomberedwa: wosoka nsapato, mphunzitsi, mlonda wa sitolo, wansembe, woyendetsa sitima. Ambiri akamaliza kapepalako ankawonjezera dzina la agogo awo. Ankayamba m'mawa mpaka usiku, m'chisanu, ndipo pa zaka zonsezo sanamalize ngakhale mayina a mzinda wa Moscow wokha. Kuyambira 2020 akuluakulu a mzindawo sanalolenso mwambowu pamalopo.

Antonov-Ovseenko, mkulu uja amene analakwitsa kachizindikiro pakati pa 1 ndi 6, anakhazikitsa nyumba yosungiramo mbiri ya Gulag ku Moscow mu 2001, ndipo anamwalira mu 2013. M'nyumbamo munasonkhanitsidwa zitseko zenizeni za zipinda za ndende zochokera m'madera osiyanasiyana a dzikolo, makalata a akaidi, ndi tizinthu timene anthu anabwera nato kuchokera kumakampu. Mu Novembala 2024 akuluakulu a mzinda anaitseka, ati chifukwa chosatsata malamulo opewera ngozi ya moto.